Kuchoka ku Lilongwe kukasamala nyama pachilumba cha kutali: njira yake

Mu 1968 bungwe loteteza mbalame limene lero limatchedwa BirdLife International linagula chilumba chathunthu chifukwa cha kambalame kamodzi. Chilumbacho ndi Cousin, ku Seychelles, cha mahekitala pafupifupi 30 basi, ndipo panthawiyo chinali munda wa kokonati. Kambalameko, Seychelles warbler, kanali katatsala pang'ono kutheratu: dziko lonse lapansi kunali mbalame zosakwana 30, zonse pachilumba chomwecho. Anachotsa kokonati n'kuisiya nkhalango kuti iphukenso. Lero mbalamezi zilipo masauzande, ndipo zina anazisamutsira ku zilumba za Aride, Cousine, Denis ndi Frégate. Pantchito yotereyi, kupatula akatswiri ndi alonda a pamalopo, pamafunikanso manja a mavolontiya.

Achinyamata a muno mu Lilongwe, makamaka omaliza ku Bunda kapena ku koleji ya zankhalango ndi nyama zakutchire ku Dedza, amafunsa ngati Mmalawi naye angapite. Angapite. Koma khomo limene amalowera mzungu wa patchuthi si lathu. Iye amalipira madola ambirimbiri kuti akakhale masabata awiri kapena anayi. Ife tilibe madolawo, ndiye tiyenera kulowa ndi luso komanso ndi nthawi: munthu amene angakhale miyezi itatu kapena isanu ndi umodzi, ndipo akudziwa kale chochita. Zonse zimene zili pansipa zatsamira pamenepo.

Choyamba, idziweni ntchitoyo mmene ilili

Pachithunzi mumaona munthu atakhala pamchenga woyera, kamba wamkulu pambali. Zimene sajambula ndi kuzula zomera zachilendo mpaka dzuwa lifike paliwombo, kutola mabotolo ndi masilipasi amene nyanja yalavula usiku, kuyendera misampha ya makoswe, kukolopa makhola, kusenza zigubu za madzi, ndi kulemba manambala. Kulemba manambalako ndiye kochuluka. Nyama simuzigwira kawirikawiri, ndipo malo odziwa ntchito amaletsa kuzigwiragwira popanda chifukwa.

Ganiziraninso za kukhala kwake. Pachilumba mungakhale anthu asanu kapena khumi, nkhope zomwezo m'mawa ndi madzulo. Magetsi ndi a sola, madzi ndi a mvula, netiweki imabwera ikafuna. Kulibe golosale, kulibe tchalitchi kapena mzikiti, ndipo kumudzi kukagwa maliro simufika. Mfundo yomalizayi musaidumphe. Kwa ife ndi yolemera kuposa kutentha ndi udzudzu, ndipo ndi bwino kuiganizira muli pa Kawale kusiyana n'kuizindikira boti litabwerera kale.

Chachiwiri, yambirani pamsewu wa Kenyatta

Palibe amene angakuitaneni kutsidya kwa nyanja ngati simunakolopepo khola kwanu. Mwayi wake, Lilongwe ili ndi poyambira. Pamsewu wa Kenyatta, pakati pa Old Town ndi City Centre, m'mphepete mwa Lingadzi, pali Lilongwe Wildlife Centre, imene inatsegulidwa mu 2007. Kumeneko amalandira nyama zovulala, zamasiye ndi zolandidwa kwa ozigulitsa: apusi, anyani, agwape, ngaka ndi zina. Pitani nokha, mutavala bwino, kalata ili m'manja, mukafunse ngati pali malo a ophunzira kapena mavolontiya a m'dziko muno, ndi zimene amafuna. Akanena kuti malo adzaza, funsani mwezi woti mudzabwerenso, ndipo mudzabweredi.

Ntchito ya m'malo otere imayamba ndi mpeni ndi sikelo. Mumaduladula mapapaya, kabichi, mbatata ndi chimanga, gulu lililonse la nyama mulingo wake wolembedwa pakhoma. Musanalowe mbali ya nyama zodwala mumaponda m'beseni la mankhwala, mukatuluka mumapondanso. Kenako mumakhala pansi ndi kabuku kuyang'ana gulu la apusi kwa ola lathunthu: wadya ndani, walandidwa ndani, wadzipatula ndani. Amene amachita zimenezi mwezi ndi mwezi osajomba ndi amene amalemberedwa kalata ya umboni yabwino, ndipo kalatayo ndi imene idzakutsegulireni pachilumba.

Khomo limenelo likakanika, alipo ena. Wildlife and Environmental Society of Malawi ili ndi nthambi mu Lilongwe, ndipo kuyenda ndi anthu ake kutchire n'kumene mungaphunzire mbalame. Lilongwe SPCA imachita ntchito ya katemera wa chiwewe kwa agalu. Kugwira galu wamantha osalumidwa komanso osamupweteka ndi luso lenileni. Ku Salima kuli Kuti Wildlife Reserve. Loweruka lina kwerani kupita ku Dzalanyama ndi mabainokyula obwereka, ndipo mbalame iliyonse imene mwaizindikira muilembe pa eBird, tsamba la pa intaneti limene anthu amalembapo mbalame zimene aona. Pakatha chaka mudzakhala ndi mndandanda umene aliyense angautsegule pa intaneti n'kuona kuti simukungokamba.

Onjezani satifiketi ya chithandizo choyamba kuchokera ku Red Cross kapena ku St John, kudziwa Excel, ndi kugwiritsa ntchito GPS. Ndipo ngati mumatha kukonza sola, kumasula kabuleta, kukhoma denga kapena kulumikiza mapaipi, musaziyese zochititsa manyazi pafupi ndi digiri. Pachilumba, pampu ikafa, wa digiri amangoiyang'ana. Amakaniko a ku Biwi akanadziwa mmene luso lawo limasowera m'malo amenewa, bwenzi akutilanda malo.

Chachitatu, madzi

Ambiri a ife okulira ku Area 25 kapena ku Chinsapo sitidziwa kusambira, ndipo timabisa. Musabise, phunzirani. Yambani m'damu losambiramo la muno m'tauni ndi munthu wodziwa, mpaka muzitha kusambira mamita 200 osaima komanso kuyandama pamadzi akuya osachita mantha. Kenako tsikirani ku Senga Bay, ulendo wa maola awiri pamsewu wa ku Salima. Kumeneko phunzirani kuvala galasi la kumaso ndi kapaipi kopumira, ndipo kwerani boti kupita ku zilumba za Maleri, zimene zili mbali ya Lake Malawi National Park yokhazikitsidwa mu 1980.

Mukafuna kudziwa ngati mimba yanu imapirira mafunde, pitani m'miyezi ya mwera, June kapena July, ndi woyendetsa boti wodziwa nyanja, mutavala jekete yoyandamitsa. Mphepo ya kum'mwera chakum'mawa imene imavundula nyanja yathu nthawi imeneyi ndi yomweyo imene imavutitsa maboti ku Seychelles kuyambira May mpaka September. Kusanza m'boti si mlandu, koma muyenera kudziwiratu kuti mugule mankhwala ake. Zimene nyanja yathu singakuphunzitseni ndi ziwiri: nyanja ya mchere imaphwa ndi kudzazanso kawiri patsiku, ndipo miyala yake ya korali imacheka mabala ochedwa kupola. Mukabwerako ku Salima, kumbukirani za likodzo. Kachezeni ndi adokotala za praziquantel, mankhwala ake.

Chachinayi, kusankha chilumba

Apa ndiye pofunika kudekha, chifukwa zilumbazi si zofanana.

Cousin ili makilomita awiri kuchokera ku chilumba cha Praslin ndipo imayendetsedwa ndi Nature Seychelles. Ntchito yake ndi mbalame za m'nyanja, mbalame za m'nkhalango, ndi akamba a m'nyanja a mtundu wa hawksbill amene amaikira mazira cha m'ma October mpaka February. Ndi malo abwino kwa wokonda mbalame ndi kalembera.

Ku Mauritius kuli Mauritian Wildlife Foundation, imene imasamala Île aux Aigrettes, kachilumba ka mahekitala 26 pafupi ndi Mahébourg, komanso imagwira ntchito pa Round Island. Dziko limeneli ndi limene linataya mbalame ya dodo m'zaka za m'ma 1600, koma ndi lomwelonso limene linapulumutsa kabawi wawo, Mauritius kestrel, atangotsala anayi mu 1974, ndi nkhunda yawo yofiirira itatsala pafupifupi khumi koyambirira kwa zaka za m'ma 1990. A bungweli amakonda anthu okhala miyezi yambiri, ndipo kwa Mmalawi wophunzira za chilengedwe, ine ndingayambire kugogoda kumeneku.

Amene mtima wawo uli pa anyani kapena pa udokotala wa nyama ayang'ane Ngamba, pa nyanja ya Victoria ku Uganda, makilomita 23 kuchokera ku Entebbe. Chilumbachi ndi cha maekala 100, ndipo kuyambira 1998 chimasunga anyani akuluakulu a chimpanzi pafupifupi 50 amene anapulumutsidwa kwa ozembetsa nyama. Madzi ake si amchere, ndipo chakudya chawo cha posho ndi nsima yomweyi.

Ndiye pali Aldabra, makilomita opitirira 1,000 kuchokera ku likulu la Seychelles, kwawo kwa akamba akuluakulu a pamtunda pafupifupi 100,000. Seychelles Islands Foundation ndi imene imayang'anira. Kumeneko sitima yobweretsa chakudya imabwera patapita miyezi. Si koyambira, kusungeni kwa ulendo wachiwiri kapena wachitatu.

Kulikonse kumene mwasankha, funsani mafunso atatu. Kodi alendo amaloledwa kunyamula nyama ndi kujambula nazo? Kodi nyamazo amazibereketsa popanda dongosolo lozibwezera kutchire? Kodi amagula kapena kugulitsa nyama? Yankho likakhala inde pa limodzi lokha, amenewo ndi malonda ovala chikopa cha chifundo. Onaninso ngati malowo ndi ovomerezeka ndi Pan African Sanctuary Alliance, kapena Global Federation of Animal Sanctuaries, kapena ngati ali pansi pa boma la dzikolo. Lembelani bungwe lenilenilo, osadzera kwa makampani apakati amene amagulitsa maulendo a mavolontiya. Mitengo yawo anaikira anthu a ku Ulaya.

Ndipo chenjerani ndi aja a pa WhatsApp olonjeza "ntchito ya pachilumba" mukangotumiza ya fomu pa Mpamba. Nkhani ya amayi athu amene anakavutika ku Oman tonse tinaimva. Amene akukuuzani kuti adzakusungirani pasipoti mukafika, kapena akukana kutchula dzina la bungwe ndi la chilumba, muthaweni.

Chachisanu, kalata

Ikhale ya tsamba limodzi, m'Chingerezi chosavuta. Musayambe ndi kunena kuti mwakonda nyama kuyambira muli mwana. Aliyense amalemba zomwezo. Nenani zimene manja anu achita: miyezi ingati, kuti, nyama ziti, kalembera wotani, ndani angachitire umboni. Nenani miyezi imene mungakhale ndi nthawi imene mungayambe, ndipo igwirizane ndi nyengo imene iwo amasowa anthu. Kulembera Cousin kuti mukufuna akamba mu June n'kudziulula kuti simunawerenge. Kenako nenani mosabisa kuti ndinu Mmalawi, simungakwanitse mtengo wa alendo, ndipo mukufunsa ngati pali malo a ophunzira a mu Africa kapena a m'chigawo cha SADC, chimene Seychelles ndi Mauritius alinso mamembala. Tumizani miyezi isanu ndi umodzi kapena chaka nthawi isanakwane. Pakatha masabata atatu kuli zii, kumbutsani kamodzi mwaulemu.

Akakuyankhani, safunsa anadya phula. Chakudya alipira ndani? Pogona mugona angati, ndipo amayi ali ndi chipinda chawo? Boti lochokera kumtunda ndi la ndani? Munthu akadwala usiku amatani? Chilolezo cha boma akonza ndani? Masiku opuma ndi angati? Mayankho onsewa akhale olembedwa, osati a pafoni.

Chachisanu ndi chimodzi, ndalama

Tikiti ya ndege ndi imene imathyola msana, kenako inshuwalansi ndi katemera. Kuyambira pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, zonse zogulidwa m'madola zinakwera, ndipo madolawo m'mabanki ndi osowa. Choncho funsani mtengo wa tikiti ku maofesi awiri kapena atatu, mufunsenso kuti mtengowo ukhala masiku angati, ndipo pemphani ndalama zakunja ku banki yanu msanga, tikiti ndi pasipoti zili m'manja. Uzani banki kuti khadi yanu ikagwire ntchito kunja. Airtel Money ya kuno musaidalire.

Mabungwe othandiza alipo, koma ambiri sapereka ndalama zongopitira kukadzipereka. Rufford Foundation ndi African Bird Club amathandiza kafukufuku, Idea Wild imathandiza zipangizo, Tropical Biology Association imachititsa maphunziro a kutchire amene ophunzira a mu Africa amapezako thandizo. Nzeru yake ndi kuumanga ulendowo pa kafukufuku wa digiri yanu, mogwirizana ndi aphunzitsi anu ndi bungwe la pachilumbalo. Zotsalazo ndi chipereganyu, banki m'khonde, maganyu ndi kugulitsa soya. Katapila ayi. Ntchito yopanda malipiro singabweze ngongole yobereka mwezi ndi mwezi.

Chachisanu ndi chiwiri, zikalata ndi jakisoni

Pasipoti ikhale ndi miyezi isanu ndi umodzi yotsala kuwerengera tsiku lobwerera, ndipo za ku Immigration muziyambe musanalandire n'komwe yankho la pachilumba. Kalata ya polisi yotsimikiza kuti mulibe mlandu imafuna kudinda zala. Likulu la polisi lili ku Area 30. Ku Seychelles safuna viza, koma muyenera kupeza chilolezo cha ulendo pa intaneti musananyamuke, ndipo amafuna kuona tikiti yobwerera ndi kumene mukagone. Dziwani kuti chilolezo cha mlendo si chilolezo chogwira ntchito, ngakhale yaulere. Bungwe lokuitanani likuuzeni polemba chimene boma lawo limafuna, ndipo kalata yawo muisindikize papepala. Foni imatha moto pamene mukuifuna.

Katemera amadya nthawi, ndiye yambani kudakali miyezi iwiri kapena itatu. Wa chiwewe ndi jakisoni awiri otalikirana sabata imodzi, ngakhale malo ena amafuna atatu, ndipo mukadzalumidwa mudzafunikabe ena. Wa kafumbata onani ngati sanathe mphamvu. Kumalo a anyani amafunanso umboni wa chikuku, poliyo, matenda a chiwindi, ndi kuyezetsa TB. Izi sikuti akuopa kuti anyani akupatsirani matenda kokha. Akuopa inuyo: chimfine chimene inu mumachira ndi Panado chingagwetse chimpanzi. Wa yellow fever angaufunse ku Uganda, ndipo ku Seychelles angaufunsenso ngati mwakhalitsa pa bwalo la ndege la Addis Ababa kapena Nairobi. Amayamba kuwerengedwa patatha masiku khumi mutabayitsa, ndipo kuyambira 2016 kabuku kachikasu kaja ndi ka moyo wonse. Funsani ku ofesi ya zaumoyo ku Bwaila kapena ku zipatala zolipira kumene akupezeka panopa.

Inshuwalansi ikhale yonena momveka kuti imalipira kukunyamulani pachilumba kupita kuchipatala. Pitaninso kwa dokotala wa mano. Dzino likayamba kuwawa pakati pa nyanja, palibe wolizula.

Chachisanu ndi chitatu, kunyumba

Funso lidzabwera, mwina kwa amayi, mwina kwa malume amene analipira fizi: "Ndiye mwanawe, sukulu yonse ija ukagwire ntchito yopanda malipiro, yosamala akamba?" Musayankhe ndi za kuteteza dziko lapansi. Aonetseni kalata ya bungwe, tsiku lobwerera, ndi mitundu ya ntchito imene imafuna munthu wodziwa zimenezi kuno kwathu: ku nthambi ya boma ya mapaki, ku African Parks imene imayendetsa Majete, Liwonde ndi Nkhotakota, ndi m'mabungwe a kafukufuku. Siyirani achimwene kapena achemwali fotokope ya pasipoti ndi nambala ya ofesi ya bungwelo, ndipo gwirizanani kuti mukakhala chete sabata yathunthu ndi netiweki, si ngozi.

Chachisanu ndi chinayi, chikwama

Pano ndi pamene mlendo angawononge ntchito ya zaka 50 osadziwa. Nyama za pazilumba zinakula zopanda adani. Pa Cousin mbalame yoyera ya mchira wautali imaikira dzira pansi, patsinde la mtengo, ndipo mukadutsa imangokuyang'anani. Khoswe mmodzi wa bere atatsika m'boti, malo oterowo atha. Round Island inadyedwa mpaka kutsala miyala ndi mbuzi ndi akalulu amene anthu anabweretsa. Mbuzi anazimaliza mu 1979, akalulu mu 1986, ndipo nkhalango ikubwerera pang'onopang'ono mpaka lero. Nyerere zachilendo ndi njere za udzu nazonso ndi adani.

Choncho tsiku lolongedza khalani pakhonde ndi mswachi wakale. Tsukani kunsi kwa nsapato mzere uliwonse mpaka dothi lofiira la Lilongwe litheretu. Chotsani zingwe ndi kansalu ka mkati. Tembenuzani matumba a thalauza, pindulani mipendero, yang'anani m'masokosi: chisoso chimabisala mmenemo, ndipo kanjere kamodzi n'kokwanira. Chikwama chikutumuleni, chichapeni, chiume padzuwa, ndipo mukalongedza chitsekeni osachisiyanso pansi usiku. Mukafika adzachisecha kachiwiri, kwina m'chipinda chotsekedwa. Musakhumudwe, amasecha ndi cha bwana yemwe.

Usipa, mtedza wauwisi, nyemba ndi zipatso zisiyeni. Ufa funsani kaye, ndipo mukautenga muunene pa bwalo la ndege. Ku Seychelles chakudya ndi mpunga ndi nsomba, tsabola wambiri, ndipo m'kupita kwa masabata mimba imavomera. Tengani malaya opepuka a manja aatali, chipewa, nsapato zolowa nazo m'madzi, tochi ya pamutu yokhala ndi kuwala kofiira, thumba losalowa madzi la foni, pawabanki, mapensulo chifukwa inki imasungunuka, ndi mafuta oteteza kudzuwa. Khungu lakuda nalonso limapsa pamadzi. Mankhwala othamangitsa udzudzu tengani ambiri. Ku Seychelles kulibe malungo koma kuli dengue, matenda enanso ofalitsidwa ndi udzudzu, ndipo udzudzu wa m'nkhalango ya Cousin umaluma masana. Mapulagi awo ndi a mano atatu omwewa a kuno. Chitenje chimodzi kapena ziwiri musaiwale, amuna inu nomwe: ndi chofunda, chopukutira, katani ndi mthunzi.

Chakhumi, kufika ndi kugwira ntchito

Kuchokera pa bwalo la Kamuzu ku Lumbadzi mudzadzera ku Addis Ababa, Nairobi kapena Johannesburg. Wopita ku Cousin amatsikira pa Mahé, chilumba chachikulu cha Seychelles, n'kukwera sitima ya ola limodzi kupita ku Praslin. Boti la mlendo siligunda pa Cousin, poopa makoswe omwe aja. Mumasamukira m'kaboti ka alonda muli pamadzi, woyendetsa amadikira funde loyenera, kenako amatsegula injini yonse n'kukakwera nako pamchenga. Akati gwiritsani, gwiritsanidi, ndipo akati tsikani, tsikani msanga mugwire boti mulikokere kumtunda.

Sabata yoyamba tsekani pakamwa, tsegulani maso. Alonda a pamalopo mwina alibe mapepala amene inu muli nawo, koma amadziwa mtengo uliwonse ndi funde lililonse. Phunzirani moni wa Chikiliyo, chilankhulo cha kumeneko, bonzour ndi mersi, ndipo mbale zanu tsukani nokha. Mikangano ya pachilumba siyambira pa sayansi. Imayambira pa madzi amene wina wasambira ochuluka ndi shuga amene watha.

Ulonda wa akamba ndi umene umayesa mtima. Mumayenda gombe lonse kangapo patsiku kufunafuna mapazi otuluka m'madzi. Ku Seychelles a hawksbill amakwera masana, zimene sizichitika m'madera ambiri. Mukamuona akutuluka, gwadani pomwepo osasuntha, chifukwa akaona chinthu chikuyenda amabwerera m'nyanja ndi mazira ake. Amakwawa mpaka m'zitsamba, amakumba, mwina apeza muzu n'kusiya, akayambenso pena. Mungadikire maola awiri udzudzu ukukudyani. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Akayamba kuikira m'pamene mumayandikira chakumbuyo, chokwawa, kuwerenga mazira akugwa, nthawi zambiri oposa 100, kuyeza chigoba ndi tepi, ndi kuwerenga nambala ya kachitsulo ka pa chipsepse. Mumaika chizindikiro pachisa. Patatha masiku pafupifupi 60 tiana timatuluka, ndipo kutentha kwa mchenga ndi kumene kumagamula: wotentha umatulutsa aakazi ambiri, wozizirirapo aamuna. Pa Cousin kalembera ameneyu anayamba m'zaka za m'ma 1970.

N'chifukwa chake nambala yopeka ndi tchimo lalikulu kuposa kujomba. Ngati munasokonezeka powerenga mazira, lembani kuti munasokonezeka. Ngati nambala ya kachitsulo sinaoneke bwino, siyani mpata. Mzere wanu ukalowa m'kaundula amene anthu akhala akulemba kwa zaka 50, ndipo wina adzamangirapo chigamulo. Lowetsani zonse mu kompyuta madzulo omwewo, musanaiwale zimene chilembo chanu chonyowa chimatanthauza.

Palinso ntchito ina yosayembekezeka. Mtengo wa Pisonia, umene mbalame za m'nyanja zimakonda kumangamo zisa, uli ndi njere zomata ngati ulimbo uja anyamata amatchera mbalame kudambo. Mbalame ikagwera m'tsango la njerezi, nthenga zimamatirira ndipo singaulukenso. Mumaitola, mutu kuufunditsa kansalu kuti idekhe, n'kumachotsa njere imodziimodzi osazula nthenga. Imakujomphani zala nthawi yonseyo.

Imwani madzi musanamve ludzu, ndipo bala lililonse, ngakhale laling'ono, litsukeni ndi madzi abwino tsiku lomwelo. Pa Ngamba malamulo ndi ena: mukamva kachimfine nenani ndipo musayandikire, musaime pafupi ndi waya, ndipo musapatse chimpanzi kanthu kalikonse osauzidwa. Ndi amphamvu kuposa munthu, ndipo ena amagenda miyala.

Pobwerera

Kudakali masabata awiri, pemphani kalata ya umboni. Mukachoka anthu amatanganidwa ndipo mudzalemba maimelo osayankhidwa. Kalatayo inene masiku amene munakhala, ntchito zenizeni zimene munagwira, njira za kalembera zimene munaphunzira, ndi dzina ndi udindo wa wosayina. Ngati mukufuna kugwiritsa ntchito manambala a pachilumba pa digiri yanu, tengani chilolezo cholembedwa. Manambalawo ndi a bungwe, si anu.

M'chikwama musaikemo zigoba za nkhono, korali, nthenga kapena mbewu. Chibangili cha chigoba cha kamba, ngakhale atakupatsani ngati mphatso, ndi choletsedwa pansi pa CITES, pangano la mayiko lokhudza malonda a nyama ndi zomera zotetezedwa, ndipo coco de mer, kokonati wamkulu uja wa ku Praslin, satuluka popanda chiphaso chake. Kuno kwathu lamulo la nyama zakutchire linakhwimitsidwa mu 2017, ndipo milandu ya nyama zotetezedwa kwambiri imafika zaka 30 m'ndende. Nsapato zitsukeninso ndi mswachi uja musanakwere ndege, kuti njere za kumeneko zisadzamere ku Dzalanyama. Ndipo mukamva kutentha thupi m'masabata oyamba mutafika, musangogula LA pa golosale: auzeni adokotala dziko limene mwachokera, ayeze malungo komanso aganizire za dengue.